Pa St Helena, makilomita 16 si ulendo waufupi

Mayi wina, Mmalawi amene amagwira ntchito ya unamwino ku Johannesburg, walemba kuti: "Mu February tikupita ku chilumba cha St Helena kwa sabata imodzi, ine, amuna anga ndi amayi anga amene maondo amawavuta. Pa mapu ndaona kuti kachilumbako n'kakang'ono zedi. Kodi pali chifukwa chobwerekera galimoto, kapena tingathe kuyenda pansi n'kumakwera basi kapena takisi apo ndi apo? Amuna anga amayendetsa bwino, koma sindikufuna kuwononga ndalama pachabe."

Mayi, yankho langa lalifupi ndi lakuti galimoto mudzaifuna, koma osati sabata yonse, ndiponso osati kuyambira tsiku lofika. Mapu amene mwaonawo sanakunamizeni. St Helena ndi ya makilomita pafupifupi 16 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo anthu okhalapo ndi ochepera 4,500. Chimene mapu sasonyeza n'chakuti chilumbachi chinaima chilili. Ulendo wa kumeneko sauyeza ndi makilomita, amauyeza ndi mitunda imene mukwere ndi zigwa zimene mutsikire.

Chilumbachi ndi nsonga ya mapiri awiri amene anaphulika pansi pa nyanja ya Atlantic, pamtunda wa makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera ku gombe la Africa. Anazima kalekale, zaka mamiliyoni zapitazo, choncho musaope kuti mwina moto ubuka muli pomwepo. Koma kuyambira nthawi imeneyo mafunde akhala akudya m'mphepete mwake mpaka kusiya ziphompho zazitali kuzungulira chilumba chonse, ndipo mvula yakumba zigwa zakuya zochokera pamsana wa pakati kutsikira ku nyanja mbali zonse. Zotsatira zake n'zakuti palibe msewu wozungulira m'mbali mwa nyanja. Mukafuna kuchoka pa gombe lina kupita pa gombe loyandikana nalo, mumayamba mwakwera phiri, kudutsa pamwamba, kenako n'kutsikanso. Chitsanzo ndi Rupert's, kumene kuli doko la sitima zonyamula katundu. Pa boti kuchokera ku likulu la Jamestown ndi kanthawi kochepa chabe, kungozungulira thanthwe limodzi. Pa galimoto muyenera kukwera msewu wa Side Path, n'kukatsikira ku msewu wa Field Road.

Jamestown yeniyeniyo, likulu la chilumbachi, ili pansi pa chigwa chopanikizika, mapiri a miyala mbali zonse ziwiri. M'tauni momwemo simufuna galimoto. Kuchokera ku doko, kudutsa pa chipata cha linga, pa Castle pamene pali maofesi a boma, tchalitchi cha St James, nyumba yosungiramo zinthu zakale, msika, mpaka ku ofesi ya zokopa alendo ku The Canister pamwamba pa Main Street, zonsezi n'zoyandikana, ndipo amayi anu angaziyende pang'onopang'ono akupumira pa mabenchi. Vuto limayamba mukafuna kutuluka m'chigwamo. Misewu ikuluikulu yotulukira ndi iwiri: Ladder Hill yopita chakumadzulo ku Half Tree Hollow ndi St Paul's, ndi Side Path yopita chakum'mawa ku Longwood. Yonse iwiri anachita kuisema m'mbali mwa thanthwe. Ngati munakwerapo msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia mukudziwa mmene mimba imachitira pa makona otero, kusiyana kwake n'kwakuti uku kuli phula ndi kakhoma ka miyala m'mphepete.

Njira ya apansi ilipo, ndipo ndi yotchuka: Jacob's Ladder, masitepe 699 okwera molunjika kuchokera m'tauni kufika pamwamba pa Ladder Hill, kutalika kwake kupita m'mwamba mamita pafupifupi 180. Anaimanga mu 1829 ngati kanjanji kokokera ngolo za katundu, ndipo njanjiyo itachotsedwa mu 1871 panatsala masitepe okhaokha. Amuna anu akafuna kudziyesa mphamvu asakanizidwe, akwere m'mawa dzuwa lisanatenthe miyala. Koma imeneyi ndi masewera olimbitsa thupi, si njira yopitira kukagula buledi. Masitepe ake ndi aatali kuposa a m'nyumba, ndipo kutsika ndi kumene kumapweteka maondo kwambiri kuposa kukwera. Amayi anu aione ali pamwamba, atafikapo pa galimoto. Tauni yonse imaoneka bwino kuchokera pamenepo.

Za mabasi ndisachulutse. Alipo, ma minibasi. Amanyamukira ku Jamestown kupita ku madera monga Longwood, Levelwood, Sandy Bay ndi Blue Hill, mtengo wake ndi wotsika. Koma anawakonzera anthu a pachilumbapo opita ku ntchito ndi kokagula zinthu, ndiye amayenda maulendo owerengeka patsiku, potsata nthawi yolembedwa. Palibe woitanira, palibe zoti ikadzaza inyamuka ndipo ina ibwera posachedwa. Ikakusiyani ku Blue Hill madzulo, yakusiyani basi. Komanso malo ambiri amene mlendo amafuna kuona ali patali ndi pamene basi imaima. Kwa mnyamata woyenda yekha ndi chikwama kumsana n'zotheka. Kwa inu amene muli ndi mayi wachikulire, kwerani kamodzi ngati mukufuna kucheza ndi eni dziko, amene amadzitcha okha kuti ma Saints, koma musamange ulendo wanu pa basi. Lamlungu musaiganizire n'komwe.

Matakisi ndi othandiza kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Ndi galimoto za anthu wamba, zilibe mita yowerengera ndalama, ndipo Uber kapena Bolt zimene munazolowera ku Johannesburg kulibe. Mumaimba foni kapena kupita pamene amaima m'tauni, n'kugwirizana mtengo musanakwere. Ubwino wake ndi wakuti dalaivala amadziwa kona iliyonse, mwini nyumba iliyonse ndi mbiri ya malo alionse. Kuipa kwake n'kwakuti ndi ochepa. Usiku, Lamlungu, kapena tsiku limene sitima yaikulu ya alendo yaima panyanja, mukhoza kuimba manambala angapo osapeza womasuka. Mukapeza dalaivala amene mwagwirizana naye, sungani nambala yake, ndipo akakakusiyani kwinakwake mupanganiretu nthawi yodzakutengani. Musadalire kuti mudzamuimbira muli uko, chifukwa m'zigwa zina netiweki imasowa, ndipo foni yanu ya ku South Africa mwina idzafuna simu khadi ya kumeneko.

Tsono nayi mmene ndingaikonzere sabatayo ndikanakhala inu, ndipo chifukwa chake chagona pa ndege. Ndege ya kampani ya Airlink imauluka kuchokera ku bwalo la OR Tambo ku Johannesburg Loweruka, n'kuima ku Walvis Bay kumwa mafuta, ulendo wonse maola pafupifupi 6. Miyezi yotentha nthawi zina amawonjezera ndege ya pakati pa sabata, koma ya Loweruka ndiyo msana wake. Mudzafika masana muli otopa. Bwalo la ndege lili ku Prosperous Bay Plain, kum'mawa, kutali ndi tauni, ndipo musayembekezere kupeza mzere wa makampani obwereketsa galimoto ngati ku OR Tambo. Lembelanitu kumene mukagone kuti adzakuchingamireni. Pa ulendo woyambawo, kudutsa Longwood mpaka kutsika Side Path, amuna anu akhale kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ayang'ane mmene akuchitira pa makona. Phunziro limenelo ndi laulere. Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndiye pumulani, yendani m'tauni, pitani ku tchalitchi ngati mumapemphera. Lolemba lipirani munthu woonetsa alendo malo kuti akuzungulitseni tsiku lonse pa galimoto yake. Galimoto yanu ya hayala muitenge Lachiwiri, mukhale nayo mpaka Lachisanu. Masiku anayi amenewo ndi okwana, chifukwa misewu yonse ya pachilumbapo sikwana n'komwe makilomita 150.

Galimotoyo muisungitse panopa, musadikire February. Obwereketsa ndi magalaja ang'onoang'ono ndi mabanja, galimoto ndi zowerengeka, ndipo miyezi ya January mpaka March ndi imene alendo amachuluka, kuphatikizapo ana a pachilumbapo ogwira ntchito kunja amene amabwera kudzaona makolo. Nthawi zambiri eni nyumba imene mukagone ndiwo amakulumikizani ndi mwini galimoto. Zambiri ndi zakale ndithu ndipo ndi zosintha magiya pamanja. Ngati amuna anu anazolowera otomatiki m'misewu ya Gauteng, anene poyera posungitsa, chifukwa Ladder Hill si malo okumbutsira phazi mmene klatchi imagwirira. Sankhani galimoto yaing'ono. Anthu amaganiza kuti kumapiri kumafuna chigalimoto chachikulu, koma misewu yopita kumene inu mukufuna kufika ndi ya phula, ndipo chimene chimavuta ndi kuchepa kwa msewu, si matope. Mlendo amaloledwa kuyendetsa ndi laisensi ya kwawo kwa miyezi itatu, koma funsani mwini galimoto ngati pali kumene muyenera kukaionetsa, ndiponso inshuwaransi yake ikulipira chiyani galimoto ikakhula khoma. Musanaitenge yesani handibuleki pamtunda, hutala, ndi magetsi.

Chokuthandizani n'chakuti amayendetsa kumanzere, monga ku Malawi ndi ku South Africa. Zikwangwani zili m'mamailosi, ndipo liwiro lalikulu lololedwa pachilumba chonse ndi mamailosi 30 pa ola, amene ndi makilomita 48. M'tauni ndi locheperapo. Kunena zoona, malo amene mungafikitse liwiro limenelo ndi ochepa, ndipo giya yachinayi mudzaiiwala. Lamulo lofunika kuposa onse ndi ili: wotsika amapatukira wokwera. Misewu yambiri imakwana galimoto imodzi yokha, ndipo apo ndi apo anakuza pang'ono kuti galimoto zizipatukirana. Tiyerekeze amuna anu akutsika Ladder Hill, thanthwe mbali ina, kakhoma ndi madenga a Jamestown pansi mbali inayo. Ayenera kuponya maso patsogolo, osati pa mphuno ya galimoto. Akaona ina ikukwera, ngakhale ili patali, alowe pa malo opatukira oyamba amene afike, aime, adikire. Akapitirira malowo n'kukumana nayo pakati, iwo ndi amene ayenera kubwerera ndi rivesi chokweza, winayo akuwayang'ana. Wokwerayo akamadutsa amakweza dzanja, kapena chala chimodzi chokha pa chiwongolero, ndipo inu muyenera kubweza. Moni ameneyu ndi wa aliyense, ngakhale woyenda pansi, ngakhale simunapatukirane. Mlendo wosakweza dzanja amadziwika msanga.

Pa makona obisika lizani hutala pang'ono musanakhote. Kumeneko si chipongwe, ndi kudziwitsa. Potsika gwiritsani giya yachiwiri, kapena yoyamba kumene, injini ikugwireni. Msewu wotsikira ku gombe la Sandy Bay ndiye mayeso enieni: wotsetsereka kwambiri, makona othina otsatizana, ndipo munthu woponda mabuleki kuchokera pamwamba mpaka pansi amafika akununkha kupsa. Koma musaulumphe ulendowu. Chigwa cha Sandy Bay ndi mkati mwa limodzi la mapiri ophulika aja mmene munakokoloka, ndipo mmenemo ndi mmene mudzaone zipilala za miyala zotchedwa Lot ndi Lot's Wife, chiphalaphala chimene chinaumira m'ming'alu n'kutsala chilili dothi lozungulira litapita. Mumayamba ulendo muli m'msipu wobiriwira, mumautsiriza muli m'dothi lofiira ndi lapepo lopanda mtengo. Pagombepo musasambe, madzi ake amakoka.

China chimene chimadzidzimutsa alendo ndi nyengo. Jamestown ndi kouma ndi kotentha. Mukakwera mphindi 15 zokha kulowera pakati pa chilumba mumapeza chifunga, kamvula kowaza ndi kuzizira. M'mbali mwa misewu ya kumtundako mwadzaza chomera cha masamba ataliatali chotchedwa flax, chimene ankalima popangira zingwe mpaka malonda ake anagwa m'zaka za m'ma 1960. Masamba ake amalendewera mumsewu n'kubisa makona, ndipo phula limaterera. Yatsani magetsi ngakhale masana, ndipo juzi ya amayi isachoke m'galimoto. Usiku, kunja kwa tauni ndi Half Tree Hollow, misewu ilibe magetsi. Ngati mwaitanidwa ku chakudya chamadzulo kumidzi, makamaka ngati pakhala chakumwa, itanani takisi.

Ndi galimotoyo, malo ambiri a mbiri amayi anu adzawafika popanda kuvutika. Longwood House, kumene Napoleon, amene anali mfumu ya France, anasungidwa ngati mkaidi kuyambira 1815 mpaka anamwalira mu 1821, galimoto imafika pafupi ndi chipata. Nyumbayi ndi ya boma la France ndipo ili ndi nthawi zake zotsegulira, choncho funsani ku The Canister musananyamuke. Ku Plantation House, nyumba ya bwanamkubwa, kuli kamba wotchuka Jonathan, amene anabweretsedwa kuchokera ku Seychelles mu 1882 ali wamkulu kale, ndipo mumamuona mutaima pa kanjira ka m'mphepete mwa kapinga. Manda oyamba a Napoleon, amene mtembo wake unachotsedwamo mu 1840 kupita ku Paris, ndi nkhani ina. Galimoto imatsala pamsewu, ndipo mumatsika ndi kanjira ka udzu kwa mphindi zingapo, kenako n'kukweranso. Kutagwa mvula kamaterera. Pamenepo amayi aweruze okha ndi maondo awo. Poti mumakhala ku South Africa, mwina mudzafuna kuona manda a akaidi a nkhondo achibunu ku Knollcombes, a m'zaka za 1900 mpaka 1902, ndiponso kufunsa woonetsa malo za nyumba zimene mfumu Dinuzulu ya Azulu inakhalamo pamene Angerezi anaithamangitsira ku chilumbachi kuyambira 1890 mpaka 1897. Ndipo ku Rupert's imani ndithu. M'chigwa chimenecho munakwiriridwa zikwi za anthu a ku Africa amene asilikali a pamadzi a Britain anawalanditsa m'sitima za akapolo m'zaka za m'ma 1800, koma anamwalira atangofika. Mafupa a anthu 325 anafukulidwa mu 2008 pokonzekera msewu wa ku bwalo la ndege, ndipo anaikidwanso m'manda mwaulemu mu 2022. Msewu umenewo, wa makilomita 14 kuchokera ku Rupert's kukwera mpaka ku bwalo la ndege, ndi wotakata kuposa ina yonse, ndipo ndi wabwino kuyambirapo tsiku loyamba kuyendetsa.

Pali malo amene galimoto siifika konse. Kumeneko ndi kwa miyendo kapena boti. Chilumbachi chili ndi njira za apansi zotchedwa Post Box Walks, ndipo kumapeto kwa iliyonse kuli kabokosi kokhala ndi buku losainamo ndi chidindo. Zina n'zofewa, zina zimadutsa m'mphepete mwa ziphompho pa miyala yogumuka, ndipo zimenezo musapite popanda munthu wozidziwa. Nsonga yaitali koposa ndi Diana's Peak, mamita pafupifupi 820. Mu 2023 boma linatseka njira za m'nkhalango ya pamwambapo chifukwa cha matenda amene ankapha mitengo yachilengedwe, ndiye funsani kaye ngati n'kotsegula, ndipo akakuuzani kutsuka nsapato pa chipata, tsukani. Galimoto ya hayala imathandiza pano chifukwa mumaisiya poyambira njira n'kuipeza pobwerera, osada nkhawa ndi nthawi ya takisi.

Boti ndiye musaliphonye, poti mwasankha February. Imeneyo ndi nyengo imene nsomba zikuluzikulu zofatsa zotchedwa whale shark zimasonkhana kuzungulira chilumbachi, ndipo maboti amanyamuka pa doko la Jamestown kukaziona pamodzi ndi ma dolphin. Kuchokera panyanja ndi pamene munthu amamvetsa chifukwa chake palibe msewu wa m'mbali: mizere ya chiphalaphala yosanjikizana kuyambira pamadzi mpaka kumwamba, ndi malinga akale a asilikali pakamwa pa chigwa chilichonse. Lemon Valley, malo abwino osambira, mumafikako pa boti mosavuta, pamene wapansi ayenera kutsika phiri lalitali n'kudzalikweranso. Chenjezo langa lili pa kukwera botilo. Pa doko pali masitepe a simenti ndi zingwe zolendewera zogwirira, ndipo boti limakwera n'kutsika ndi mafunde. Munthu amagwira chingwe, kudikira kuti boti lifike molingana ndi phazi, n'kuponda nthawi yomweyo. Anyamata a pa boti amagwira mkono ndipo anazolowera kuthandiza okalamba, koma miyezi imeneyi nthawi zina kumabwera mafunde aakulu. Uzanitu mwini boti za amayi, ndipo akanena kuti lero ayi, mumvereni. Chifukwa chake ulendo wa boti muuike kuchiyambi kwa sabata, kuti ukalephereka pakhale tsiku lina.

Pa ndalama, tengani mapaundi a ku Britain m'manja. Amalandiridwa paliponse mofanana ndi paundi ya St Helena. Takisi, basi ndi obwereketsa galimoto ambiri amafuna ndalama zogwirika, ndipo musadalire ATM kapena khadi la banki yanu. Chenji adzakupatsani cha ndalama za pachilumbapo, zimene simungasinthe kwina kulikonse, ndiye zimalizeni musanachoke. Malo omwetsera mafuta ndi ochepa ndipo satsegula usiku. Lachitatu masana masitolo ambiri amatseka. Thanki ikafika theka, thirani, chifukwa kuyenda ndi giya yachiwiri tsiku lonse kumamwa mafuta kuposa mmene makilomita akusonyezera.

Chomaliza chikukhudza ntchito yanu. Bwalo la ndegelo linamalizidwa mu 2016, koma ndege zonyamula anthu zinayamba mu October 2017 chifukwa cha mphepo yosinthasintha imene imawomba pa ziphompho za kumapeto kwa msewu woterapo ndege. Mpaka lero mphepo kapena mitambo yotsika imachedwetsa ndege, nthawi zina tsiku limodzi, nthawi zina kupitirira, ndipo palibe njira ina yochokera, poti sitima yakale ya RMS St Helena inasiya kuyenda mu 2018. Musavomere shifiti ya Lamlungu kapena Lolemba lotsatira. Pemphani masiku awiri kapena atatu apadera ku chipatala, mankhwala a amayi mutenge opitirira sabata, ndipo inshuwaransi ya zaumoyo imene amafuna polowa pachilumbapo ikhale yolipiranso kuchedwa kwa ndege. Pobweza galimoto Lachisanu, funsani mwini wake ngati angakubwerekeninso ndege ikalephera kutera, ndipo eni nyumba muwafunse chimodzimodzi za chipinda.